Laputopu Yatsopano Inatsala Pang'ono Kupasula Cibale

Mu mzinda wa Chipata, kufupi ndi msika wa Kapata, muli bambo wina wa zaka 56 amene nchito yao ndi kujambula mapulani a nyumba. Anthu ambiri a ku Kapata, ku Mchini ndi ku Navutika agona lero m'nyumba zimene zinayamba ngati mizere ya pensulo pa thebulo la bambowa. Kwa zaka zoposa 30 zipangizo zao zinali thabwa lojambulirapo, rula, kampasi, mapensulo ndi pepala lopyapyala loonekera mkati. Dzanja lao linali lodziwika, ndipo amisiri omanga anali kunena kuti pulani ya bambowa munthu safunsa kawiri.

Koma nthawi inasintha. Pulogalamu ya AutoCAD, imene inatuluka koyamba m'caka ca 1982, pamodzi ndi zinzake, zinalowa m'maofesi a ku Lusaka, ndipo pang'ono-pang'ono zinafikanso kum'mawa kuno. Pamene Chipata inakwezedwa kukhala mzinda m'caka ca 2017, omanga nyumba anaculuka ndipo zofuna zao zinasinthanso. Munthu wobwera ndi ndalama za penshoni sanali kukhutanso ndi mizere ya pa pepala. Anali kufuna kuona nyumba yake itaimirira pa sikirini, ndi denga lake, khonde lake ndi utoto wake, nkuitembenuza uku ndi uku asanagule ngakhale thumba limodzi la simenti. Acinyamata odziwa kompyuta anayamba kutenga anthu amene kale anali kugogoda pa khomo la bambowa.

Iwo sanafune kugonja. Kwa miyezi ingapo anali kupita madzulo ku ofesi ya mnzao wina kukaphunzira kujambula pa kompyuta yakale ya pa desiki, ndipo atakhutira kuti dzanja layamba kuzolowera, anaganiza zogula laputopu yao-yao. M'mwezi wa September 2024 anagulitsa ng'ombe ziwiri za m'khola lao kumudzi, naonjezapo zimene anasunga, zonse pamodzi K24,000. Ndalamazo anazitumiza pa foni kwa mwana wa mlongo wao amene akhala ku Lusaka, mnyamata wa zaka 26 wokonza mafoni ndi makompyuta. Mnyamatayu anakulira m'manja mwa amalume akewa. Ndiwo anamlipirira sukulu kuyambira giredi 8, monga mwa udindo wa malume pa mbumba yake, ndipo panalibe munthu wina amene akanamkhulupirira koposa.

Patapita masiku anai katoni inafika pa basi. Bambowa anaitsegula pamaso pa banja lonse, ana a oyandikana nao akusuzumira pa windo. Laputopuyo inali yakuda, yonyezimira, yonunkhira fungo la cinthu catsopano. Mai a kunyumba anaomba m'manja, ndipo usiku umenewo katoniyo anaisunga pamwamba pa kabati ngati cinthu ca mtengo wapatali.

Cimwemweco sicinathe mlungu. Zilembo za pa sikirini zinali zazing'ono ngati nyerere, kotero kuti maso a munthu wa zaka 56 anali kutopa msanga. Akatsegula pulani ya nyumba ya zipinda zinai nkuyesa kuitembenuza, cithunzi cinali kuyenda modukiza-dukiza, nthawi zina nkuimiratu, pamene fani ya mkati inali kulira ngati cigayo. Pa ngodya ya sikirini panali kutuluka kawiri-kawiri uthenga wofiira wocenjeza kuti citetezo cao citha pakapita masiku owerengeka ndipo ayenera kulipira. Panalinso timasewera, nkhani za kunja ndi zamalonda zimene iwo sanaitanitse. Ndalama za intaneti zimene anaika m'foni kuti zikhale mwezi wathunthu zinatha m'masiku atatu. Kompyuta yakale ya mnzao uja, imene anali kuinyoza, inaoneka ngati yomvera kuposa iyi yatsopano.

Nkhaniyi anaifotokoza pa bwalo la nsolo Loweruka madzulo, ndipo pomwepo mpamene panagwa mbewu yoipa. Mmodzi wa anzao anapukusa mutu nati, "Acikulire, cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere. Masiku ano kuli malaputopu a salaula ocokera kunja. Amawapukuta bwino-bwino nkuwaika m'katoni yatsopano. Ana a ku Lusaka ndi ocenjera. Kodi lisiti munaliona?" Bambowa sanayankhe, koma pobwerera kunyumba mauwo anali kuwalira m'makutu. Nzoona kuti malaputopu ogwirapo kale nchito agulitsidwa kwambiri m'masitolo a m'mizinda, ndipo nzoonanso kuti lisiti anali asanalione.

Asananene kanthu kwa munthu ali yense, anaganiza zokonza okha. Poyamba anafuna kukulitsa zilembo. Anapeza malo olembedwa manambala 1920 x 1080, nasinthapo kuika manambala ang'ono. Zilembo zinakuladi, koma mizere inayamba kuoneka yacimbuuzi, ndipo citsime cimene anacijambula cozungulira cinaoneka ngati dzira. Kenaka anatsegula mndandanda wa mapulogalamu onse a m'makinamo ndi mtima wofuna kusesa. Anaona mizere ingapo ya dzina limodzi-modzi, Microsoft Visual C++, yosiyana zaka zokha, naganiza kuti ndi cinthu cimodzi cobwerezedwa mwa cinyengo kuti cidzaze malo. Anacotsa yonse nasiya umodzi. Anacotsanso pulogalamu ina yokhala ndi dzina la kampani imene inapanga laputopuyo, poganiza kuti ndi yamalonda cabe. M'mawa mwake pulogalamu yojambulira inakana kutseguka, ndipo mabatani ena a pamwamba pa kiyibodi analeka kugwira nchito. Akulu-akulu anati safunsa anadya phula, koma bambowa anaona ngati umenewu ndi umboni wotsiriza wakuti anagulitsidwa cinthu cakufa.

Pa nthawi yomweyo panali nchito yodikira. Mai wina wamasiye, mphunzitsi wopuma pa nchito, anali atalipira kale theka la ndalama za pulani ya nyumba yake. Mmisiri wake anali kufuna kukumba maziko mvula ya November isanayambe, ndipo pulaniyo inafunika kuyamba yapita ku khonsolo kukavomerezedwa. Maiwo anabwera kawiri kudzafunsa, ndipo kawiri konse anabwerera ndi mau okha. Madzulo a tsiku laciwirilo bambowa anatenga foni, koma m'malo moimbira mnyamata uja anaimbira mai wake kumudzi.

"Mwana wako wandidyera ng'ombe zanga," anatero. "Ndinamlera ine, lero wandigulira salaula."

Mlongo waoyo anakhala cete kwa kanthawi, kenaka anayankha ndi mau onjenjemera, "Alongo anga, mwana uja ndi wanu. Ngati waba, wabera atate ake. Koma mukanayamba mwamfunsa iye."

Mau akatuluka m'kamwa sabwezeka. Pofika m'mawa nkhaniyo inali itazungulira mudzi wonse, ndipo inafikanso ku Lusaka. Mnyamatayo sanaimbe foni kuti adziteteze. Anapempha masiku awiri kwa abwana ake, nakwera basi ya m'mamawa pa Intercity, nayenda ulendo wa makilomita pafupi-fupi 570 kudzera pa mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke ndi Katete. Anafika dzuwa litapendeka, ali ndi kacikwama kamodzi. Ananjuta pakhomo, naomba m'manja kupereka moni, ndipo atamwa madzi anatulutsa lisiti naliika pa thebulo ndi manja awiri.

"Pepala ali yense angalembe," anatero amalumewo osaliyang'ana.

"Nzoona, Amalume," anayankha mnyamatayo. "Ncifukwa cake sindinalitumize pa foni. Ndiloleni ndifunse makinawo inu mukuona. Iwo sadziwa kunama."

Anatsegula kawindo kakuda kochedwa Command Prompt nalembamo mau akuti powercfg /batteryreport. Lamulo limeneli lili mu Windows, ndipo limatulutsa mbiri ya batire la laputopu. Mbiriyo imaonetsa mphamvu imene batire linapangidwa kuti lizisunga, mphamvu imene likusunga tsopano, ndipo pa makina ambiri imaonetsanso kuti batire ladzazidwa ndi kutha kangati. Batire limakalamba ngati munthu. La laputopu imene yagwira nchito zaka ziwiri kapena zitatu limakhala litazungulira kambiri-mbiri, ndipo mphamvu yake imakhala itatsika poyerekeza ndi ya paciyambi. Pa laputopu ya bambowa manambala awiri aja anali pafupi-fupi ofanana, ndipo batire linali litazungulira kasanu ndi kanai kokha. Kenaka mnyamatayo anatembenuza makinawo, nawerenga nambala yao ya pansi, nailemba pa tsamba la intaneti la kampani imene inawapanga. Tsambalo linaonetsa kuti citsimikizo ca caka cimodzi cinayamba mwezi womwewo wa September.

Bambowa anavala magalasi nawerenga okha kawiri. Nchito yao yonse ndi ya manambala, ndipo anadziwa kuti awa sangatsutsidwe. Sanapepese pomwepo, pakuti khosi la munthu wamkulu silipindika msanga. Anangonyamuka nakatenga buku lao la cikuto cakuda, mmene alemba miyeso ya mapuloti, nakhala pansi pambali pa mnyamatayo.

"Ngati ndi yatsopano, nanga idwala ciani?" anafunsa.

"Siidwala, Amalume. Yangobwera ndi makhalidwe a kumene inacokera. Tiikonza cinthu cimodzi-cimodzi, ndipo tikasintha cimodzi tiyambe taona cimene cacitika tisanakhudze cina. Koma tidikire malaiti abwere."

Kudikira magetsiko kunali mbali ya matenda omwewo. Caka ca 2024 cinali ca cilala coopsa, cimene Boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse m'mwezi wa February. Madzi anatsika kwambiri m'nyanja ya Kariba, ndipo m'miyezi yotentha magetsi anali kuzima maola 17 kapena kuposerapo pa tsiku. Motero bambowa anali kugwira nchito yao yonse masana ndi batire lokha. Cimene sanadziwe ndi cakuti laputopu ikacotsedwa ku magetsi imadzicepetsera yokha mphamvu kuti batire likhalitse, ndipo batire likatsika kwambiri imadzimana koposa. Nchito yolemba kalata siimva kusiyanako, koma yotembenuza nyumba yathunthu pa sikirini imamva. Magetsi anabwera cha m'ma 01:00 usiku. Awiriwo anadzuka, nalumikiza caja, nayamba nchito nyumba yonse ili m'tulo.

Coyamba cinali kubwezera zimene zinacotsedwa. Mnyamatayo anafotokoza kuti mizere ija ya Visual C++ siili yobwerezedwa mwa cinyengo. Ndi zidutswa zimene mapulogalamu ena amaimirapo, ndipo pulogalamu ili yonse imafuna cidutswa ca mtundu wake. Kucotsa cimodzi kuli ngati kuzula mzati poganiza kuti mizati yaculuka. Anazitenganso ku tsamba la Microsoft, ndipo pulogalamu yojambulira inatseguka. Pulogalamu ya kampani ija anaibwezeranso, pakuti ndiyo imayang'anira fani, mabatani a pamwamba ndi kagwiritsidwe nchito ka mphamvu. Bambowa analemba m'buku lao kuti cinthu cimene sacidziwa dzina asacicotse asanafunse.

Caciwiri cinali gwero leni-leni la kudukiza kuja. Mnyamatayo anakanikiza pamodzi mabatani a Ctrl, Shift ndi Esc, ndipo panatseguka Task Manager, malo oonetsa mmene ziwalo za makina zikugwirira nchito. Pa mbali yochedwa Performance panali mizere iwiri, GPU 0 ndi GPU 1. GPU ndi ciwalo cimene cimajambula zonse zooneka pa sikirini, ndipo malaputopu ambiri ogulidwira nchito yolemera amakhala ndi ziwiri. Yoyamba ndi yaing'ono, yomangidwa mkati mwa purosesa. Imadya magetsi pang'ono, ndipo imabwereka malo okumbukira ku RAM ya makina onse. Yaciwiri ndi yaikulu, yokhala payokha ndi malo okumbukira ake-ake, koma imatentha ndi kumaliza batire msanga. Kuyambira m'caka ca 2010, pamene kampani ya NVIDIA inatulutsa njira yochedwa Optimus, malaputopu otere amasankha okha kuti nchito iyi ipite kwa yaing'ono ndipo iyo ipite kwa yaikulu. Kawiri-kawiri amasankha bwino, koma nthawi zina pulogalamu yolemera imagwera kwa yaing'ono.

"Tembenuzani nyumbayo, Amalume, maso anu ali apa," anatero mnyamatayo.

Bambowa anaitembenuza. Mzere wa GPU 0 unakwera kufika pamwamba peni-peni, pamene wa GPU 1 unakhala pa 0 osagwedezeka. Munthu amene anakulira kumudzi sanafune kufotokozeredwa zambiri.

"Ndiye kuti thole likukoka ngolo, nkhunzi ili gone m'khola," anatero, ndipo kanali koyamba kuseka kuyambira pamene mnyamatayo anafika.

Mankhwala ake anali apafupi. Mu Windows 11 munthu amalowa mu Settings, kenaka System, kenaka Display, nkutsikira pa Graphics. Pamenepo amasankha pulogalamu imene afuna, nkuiuza kuti izigwiritsa nchito High performance m'malo mwa Power saving. Mnyamatayo sanakhudze mausi. Anawasiya amalume ake kuti acite okha, iye akungoloza ndi cala. Atatseka pulogalamuyo ndi kuitsegulanso, nyumba ya mai wamasiye inazungulira mosalala ngati mbiya pa manja a woumba, ndipo mzere wa GPU 1 unadzuka. Anasinthanso Power mode kuti makina akakhala pa magetsi azitulutsa mphamvu zao zonse, ndipo anagwirizana kuti nchito yolemera izicitika magetsi akalipo, yopepuka izicitika pa batire.

Cacitatu cinali citsime cooneka ngati dzira. Sikirini ya laputopu ili ndi timadontho towerengeka tosasinthika, ndipo pa iyi tinali 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi. Munthu akaika manambala ena, makina amakakamizika kutambasula cithunzi kuti cidzaze malo, ndipo mizere imataya ukuthwa wake. Manambalawo akakhala a maonekedwe ena, cozungulira cimasanduka cowulungika. Wofuna zilembo zazikulu sayenera kukhudza manambala amenewa. Pamwamba pake pali malo ena ochedwa Scale, ndipo pamenepo mpamene akweza kufika pa 150%. Atacita zimenezi zilembo zinakula, mizere inakhala yakuthwa, ndipo citsime cinabwerera kukhala cozungulira. Kwa wojambula mapulani zimenezi si za maonekedwe cabe, pakuti diso likazolowera cithunzi copotoka limaleka kuona colakwa.

Cacinai cinali ndalama za intaneti. Laputopu yatsopano ikangolumikizidwa imayamba kukoka zokonza zonse zimene zatuluka kucokera tsiku limene inacoka ku fakitale, ndipo siifunsa kuti mwini wake alipira bwanji. Pulogalamu imodzi yokha yoyendetsa GPU yaikulu, imene akatswiri amati driver, imaposa 500 MB. Zokonzazo nzofunika, ndipo zina ndizo zimatseka mipata yolowera akuba, koma mwini ayenera kusankha nthawi yake. Mnyamatayo anaonetsa amalume ake malo ochedwa Metered connection, amene amauza Windows kuti intaneti iyi ndi yogula pang'ono-pang'ono ndipo isamwedwe mosasamala. Anawalangizanso kuti driver azitenga ku tsamba la kampani imene inapanga laputopu kapena imene inapanga GPU, osati ku masamba osadziwika olonjeza kufulumizitsa makina.

Cotsiriza cinali kusesa kweni-kweni, kumene bambowa anayamba molakwika. Iwo anafuna kudziwa cifukwa cimene cinthu cogula ndi ndalama zao cinabwerera ndi katundu wa eni. Yankho lake ndi la malonda. Phindu la pa laputopu imodzi ndi locepa, motero makampani ena opanga mapulogalamu amalipira opanga makina kuti katundu wao aikidwiretu mkati. Pulogalamu yoteteza ija ya uthenga wofiira inali yongolawitsa kwa masiku 30, ndipo kufiira kwake kunali koitanira malonda. Windows ili ndi citetezo cake-cake cochedwa Microsoft Defender, cosalipiritsa, cimene cimayamba kugwira nchito cokha pamene ca mlendo cacotsedwa. Asanacotse kanthu, mnyamatayo anapanga restore point, imene ili ngati cikhomo cobwererapo zinthu zikalakwika. Kenaka anadutsa mndandanda wonse dzina ndi dzina. Timasewera, zolawitsa ndi zamalonda zinapita. Zokhala ndi maina a Intel, NVIDIA, Realtek ndi Microsoft zinatsala. Mu Task Manager, pa mbali ya Startup apps, anazimitsa mapulogalamu asanu ndi limodzi amene anali kudzuka okha nthawi zonse makina akayatsidwa.

Nkhawa ya bambowa pa katundu wobwera wosaitanidwa siinali yopanda pake. M'caka ca 2015 kunadziwika kuti malaputopu ena a Lenovo anagulitsidwa ali ndi pulogalamu yamalonda yochedwa Superfish, imene inali kulowerera pakati pa munthu ndi masamba a intaneti otetezedwa, mwa njira imene ikanapatsa akuba mpata woona zinsinsi za eni makina. Kampaniyo inapepesa ndi kutulutsa cocotsera, ndipo m'caka ca 2017 inagwirizana ndi akulu-akulu oona za malonda ku America kuti ithetse mlanduwo, nilipira madola 3.5 miliyoni ku maboma a zigawo za dzikolo. Laputopu ya ku Chipata inalibe coopsa cotere. Koma nkhaniyo ionetsa kuti kuyang'ana zimene zili m'makina atsopano ndi udindo wa mwini wake, monga mmene wogula munda amayamba wauyendera kuti adziwe pamene pali citsa ndi pamene pali mtengo wa zipatso asanatenge nkhwangwa.

Pamene tambala woyamba analira, masamba anai a buku lakuda lija anali atadzaza. Magetsi anazimanso cha m'ma 06:00, koma pulani ya mai wamasiye inali itatsala pang'ono kutha. Usiku wotsatira bambowa anaimaliza okha, mnyamatayo atagona pa mpando. Maiwo atabwera kacitatu anaona nyumba yao ikuzungulira pa sikirini, napempha kuti khomo la khicini lisunthidwe liyang'ane kum'mawa. Bambowa analisuntha pomwepo iwo akuona. Pa pepala nchito imeneyo ikanatenga tsiku lathunthu.

Panatsala nchito imodzi imene inalibe batani. M'mawa wa tsiku lobwerera mnyamatayo, amalume ake anauza mai a kunyumba kuti aphe tambala wamkulu. Atatha kudya anamuitanira pa khonde, pamene panalibe ana.

"Iwe, ndinakulakwira," anatero. "Ndinamva za pa nsolo, osayamba ndamva za iwe. Ndinakucha wakuba kwa mai ako."

Mnyamatayo anayang'ana pansi. "Zinandipweteka, Amalume, sindinama. Koma inenso ndinalakwa. Ndinatumiza katoni osaitsegula kuti muone kuti ndi yatsopano. Ndikanabwera nayo ndekha nkukukonzerani, zonsezi sizikanacitika."

"Ai, mlandu ndi wanga. Ndipo popeza ndinaunenera kumudzi, ndikauthetsera komweko."

Loweruka lotsatira bambowa sanaoneke pa nsolo. Anakwera minibasi kupita kumudzi atanyamula shuga, mafuta ophikira ndi citenje. Anakhala pansi pa khonde la mlongo wao, ndipo pamaso pa abale amene anamva mau oyamba aja ananena kuti mwanayo sanabe ngakhale ngwee imodzi. Mlongo waoyo analandira citenjeco, koma anawauza kuti cilonda ca mau cimapola mocedwa kuposa ca mpeni. Iwo anavomera.

Anthu ambiri ogula makompyuta atsopano amagwa m'mbuna yomweyi. Makina akacedwa, maganizo amathamangira kwa wogulitsa kapena kwa wotumidwa, pamene kawiri-kawiri colakwa cili m'zosankha zimene anthu ena anapangiratu kutali, osadziwa kuti makinawo adzagwira nchito yotani, m'dziko la magetsi otani, ndi pamaso a munthu wa zaka zingati. Zosankha zimenezo zimasinthika, koma zifuna munthu wodekha, wosintha cimodzi-cimodzi ndi kulemba cimene wasintha. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo ngati makina alidi ndi cilema, batire lake ndi nambala yake zidzanena zoona popanda kuipitsa dzina la munthu.

Bambo wa ku Kapata uja akali kujambula. Pulani ili yonse amayamba ndi pensulo pa pepala, monga anazolowera, kenaka nkuisamutsira pa laputopu. Buku lakuda likhala pambali pake, ndipo masamba ake aonjezeka. Anzao awiri a pa nsolo anabwera kale ndi malaputopu a ana ao kuti awaonere, ndipo iwo amayamba ndi kufunsa batire. Cimene sacidziwa amaimbira foni ku Lusaka, ndipo amayamba ndi moni.